Wanyoza mtundu wa akuchikazi pa wailesi: kodi ayendetsebe ukwati wathu?

Funso

Ndine mayi wa ku Chilomoni. Woulutsa mawu wina wotchuka kuno ku Blantyre, amenenso amayendetsa miyambo ya maukwati, ananena pa pulogalamu yake kuti anthu a mtundu wina wa kuno kwathu ndi akuba komanso auve, ndipo anachenjeza eni nyumba kuti asamawachititse lendi. Kanema wake wazungulira paliponse pa WhatsApp. Wailesi yamuimitsa ntchito ndipo kampani ina yasiya kumugwiritsa ntchito potsatsa malonda. Iye akuti zinali nthabwala chabe. Bambo a kunyumba akuti uku ndi kusalolerana, ufulu wolankhula tinauvotera mu 1993. Mwana wanga wamkazi akuti amangidwe basi. Vuto langa ndi lakuti ndili m'komiti ya ukwati wa mwana wamwamuna wa mchemwali wanga, tinamulipira kale theka kuti adzakhale MC, ndipo mkwatibwi ndi wa mtundu womwe unanyozedwawo. Kodi tikamusiya tikhala tikupondereza ufulu wake? Nanga kulolerana kumathera pati?

Yankho

Mayi, ndiyambe ndi chimene chikukusowetsani tulo. Mukamusiya mkuluyu simunaphwanye ufulu wake ngakhale pang'ono. Palibe lamulo m'dziko muno lopatsa munthu ufulu wogwira maikolofoni pa ukwati wa eni ake. Koma mkangano wa m'nyumba mwanuwo ndi waukulu kuposa ukwatiwo, ndipo sindikufuna kuulumpha, chifukwa mantha a bambo a kwanuwo ali ndi pochokera.

Amene anakula nthawi ya chipani chimodzi amakumbukira mmene munthu ankayamba wacheuka asanatchule dzina la mtsogoleri, kaya m'basi kaya pamowa. Mlakatuli Jack Mapanje anamangidwa mu 1987 n'kukatsekeredwa ku Mikuyu mpaka 1991 osaonekera m'khoti. Kalata ya maepiskopi a Katolika itawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, boma linati kupezeka nayo ndi mlandu. Mwezi wotsatira Chakufwa Chihana anagwidwa atangotsika ndege ku Lilongwe, ndipo pambuyo pake anaweruzidwa pa mlandu wa mawu oukira boma. Mu Meyi chaka chomwecho sitiraka imene inayambira ku fakitale ya nsalu ya David Whitehead inafalikira mumzinda muno ndipo anthu ambiri anaomberedwa. Tsono a bambo akamati ufuluwu tinauvotera pa 14 Juni 1993 akunena zoona, ndipo ena anaulipirira ndi magazi. N'chifukwa chake Malamulo Oyendetsera Dziko a 1994 anaulemba poyera: gawo 33 ndi la chikumbumtima ndi chipembedzo, 34 la maganizo, 35 la kulankhula zakukhosi, 36 la atolankhani.

Koma afunseni a bambo modekha kuti anamanga Mapanje ndani. Linali boma, lokhala ndi apolisi, ndende ndi mfuti. Ntchito yoyamba ya magawo amenewa ndi kumanga manja boma kuti lisatseke munthu pakamwa, pokhapokha pali chifukwa chimene gawo 44 likuvomereza: malirewo akhale olembedwa m'lamulo, oyenera, ogwirizana ndi mfundo za ufulu wa anthu zimene mayiko amatsata, komanso ofunikadi m'dziko la demokalase. Malamulo omwewo pa gawo 19 amati ulemu wa munthu sungaphwanyidwe. Pa gawo 20 amaletsa kusala munthu chifukwa cha mtundu, chilankhulo, chipembedzo, ulumali, kukhala mwamuna kapena mkazi ndi zina zotero. Pa gawo 32 amapatsa aliyense ufulu wosankha amene akufuna kuyenda naye. Woulutsa mawu uja analankhula, dziko linamva, palibe anamugwira pakamwa. Akale anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo umakutsata, ndipo wake wamutsatadi: wina akumuyankha polemba, wina pozimitsa wailesi, wina pochotsa malonda ake. Kuyankhako ndi ufulu womwe uja a bambo akuuteteza, kungoti tsopano uli m'manja mwa anthu ena.

Mwana wanu ndi amene ndikufuna kucheza naye motalikirapo, chifukwa mkwiyo wake ndikuumva koma njira yake ikundidetsa nkhawa. Dziko lathu lakhala likuchoka pang'onopang'ono pa khalidwe lomangira anthu mawu. Mu Novembala 2022 Nyumba ya Malamulo inachotsa mu Penal Code, lamulo la milandu ndi zilango zake, mlandu wa mawu oukira boma, womwe uja anamangira Chihana. Mu Julayi 2025 Khoti Lalikulu, pa mlandu wa Joshua Chisa Mbele, linagamula kuti gawo 200 la Penal Code, lomwe linkalola kumanga munthu chifukwa choipitsa mbiri ya mnzake, likutsutsana ndi Malamulo Oyendetsera Dziko. Amene akuona kuti mbiri yake yaipitsidwa akasume yekha n'kupempha chipepeso, asatume apolisi. Khoti la Africa loona za ufulu wa anthu, lomwe limakhala ku Arusha, linali litanena kale mu 2014 pa mlandu wa mtolankhani Lohé Issa Konaté wa ku Burkina Faso kuti ndende si chilango choyenera pa nkhani yotere.

Malamulo ena alipobe. Gawo 182 la Penal Code limalanga kutukwana kumene kungautse ndewu, ndipo gawo 130 limalanga mawu olankhulidwa dala pofuna kupweteka munthu pa chipembedzo chake. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 lili ndi gawo 86 la kuzunza munthu pa intaneti, ndi gawo 87 la mauthenga osowetsa mtendere, lomwe chilango chake ndi K1,000,000 ndi miyezi 12 kundende. Koma taonani amene apolisi amawafikira pa nkhani za mawu. Mu Febuluwale 2011 mkulu wa apolisi Peter Mukhito anaitana mphunzitsi wa ku Chancellor College, Blessings Chinsinga, kukamufunsa za chitsanzo chimene anapereka m'kalasi chokhudza kusowa kwa mafuta ndi zipolowe za ku Tunisia ndi Egypt, ndipo maphunziro anaima kwa miyezi yambiri. Pa 6 Disembala 2022 Martha Chizuma, yemwe anali mkulu wa bungwe lothana ndi ziphuphu, anatengedwa kunyumba kwake m'bandakucha n'kupita naye ku Namitete chifukwa cha zimene analankhula pa foni ndi munthu wina, zomwe zinajambulidwa mobisa. Mu 2024 khoti linapeza bambo wina wa ku Mponela wolakwa chifukwa cha kanema woseka mtsogoleri wa dziko amene anatumiza pa gulu la WhatsApp. Onsewa chala chawo chinaloza m'mwamba. Pamene wandale akaima pansanja n'kunyoza chigawo chathunthu, kapena kutcha mayi wopikisana naye kuti ndi hule, anthu amaimba nthungululu, mawa lake iye akwera galimoto yake ngati palibe chachitika.

Kwa ine nkhani yonse yagona apa. Kuno kwathu wonyoza munthu wamkulu amagona m'chitokosi, pamene wamkulu wonyoza anthu wamba amangoti zinali zocheza, nkhani n'kuthera pomwepo. Ndipo mawu akuti tilolerane timawakumbukira kwambiri tsiku limene munthu wamphamvu wapanikizika. Lamulo lomangira mawu limene mwana wanu akufuna likhwime lero, mawa lidzagwira mnzake wa ku koleji amene walemba za mtengo wa chimanga kapena za nduna, wotchuka uja ali phee kunyumba ndi loya wake.

Sindikunena kuti mawu onse amatha ndi kuyankhana. Ife a kum'mwera kuno tinaona ndi maso mu Sepitembala ndi Okutobala 2017, mphekesera ya anamapopa itayambira ku Mulanje ndi Phalombe n'kufika mpaka ku Blantyre. Anthu osachepera 8 anaphedwa, mmodzi mwa iwo mnyamata wodwala khunyu amene anatenthedwa m'boma lino. Palibe anaona magazi akupopedwa. Anapha anthu amenewo ndi mawu oyenda pakamwa ndi pafoni. Abale athu achialubino akhala akusakidwa kuyambira cha mu 2014 chifukwa cha bodza lakuti ziwalo zawo zimalemeretsa, ndipo aliyense wowakuwiza pamsewu kuti ndi ndalama akuthirira bodza lomwelo. Mu Malichi 2015 ku South Africa mfumu ya Azulu, Goodwill Zwelithini, inanena pagulu kuti alendo amange katundu azipita kwawo. Patangopita masabata ochepa ku Durban kunabuka ziwawa, ndipo Amalawi ambirimbiri anabwerera pa mabasi amene boma linachita hayala, ena atangotsala ndi zovala za m'thupi. Mfumuyo inati anthu anaimva molakwika, ndipo bungwe loona za ufulu wa anthu la dzikolo linapeza kuti mawuwo anali opweteka ndi ovulaza, ngakhale silinawaike m'gulu la mawu odzetsa chidani oletsedwa ndi lamulo. Za wailesi ya RTLM, imene inkasonkhezera anthu kupha Atutsi ku Rwanda mu 1994, mukuzidziwa kale.

Pangano la mayiko la ufulu wa nzika ndi wa ndale, lomwe Malawi analowamo mu 1993, limateteza kulankhula pa gawo 19, koma pa gawo 20 limalamula mayiko kuletsa kufesa chidani cha mtundu, fuko kapena chipembedzo chimene chikusonkhezera tsankho, udani kapena ziwawa. Poopa kuti maboma angamagwiritse gawo limeneli pokhaulitsa owatsutsa, akatswiri osonkhanitsidwa ndi United Nations anagwirizana ku Rabat mu 2012 mafunso 6 oyesera mawu: zinthu zinali bwanji m'dziko pamene ankalankhulidwa, wolankhulayo ndi ndani pakati pa anthu, cholinga chake chinali chiyani, ananena chiyani kwenikweni ndipo motani, mawuwo anafika patali bwanji, ndiponso ngati panali chiopsezo chenicheni chakuti wina avulala. Kukhumudwa kokha sikukwanira kuti munthu amangidwe.

Tiyeni timuyese mkulu wanuyo. Kutcha mtundu wonse akuba ndi auve ndi chipongwe chonyansa, koma chipongwe chimayankhika. Chimene chandiimitsa mutu ndi chachiwiricho, chouza eni nyumba kuti asawachititse lendi. Kumeneko n'kutuma anthu. Ganizirani mtsikana amene wangopeza ntchito ku Ginnery Corner ndipo akufuna chipinda ku Ndirande kapena ku Mbayani. Wayenda ndi ejenti dzuwa lonse, wamulipira yoonetsera nyumba, wachipeza chipinda cha magetsi, mpopi uli panja, mtengo agwirizana. Alandilodi amva kalankhulidwe kake n'kufunsa ngati akungocheza: “Kodi kumudzi ndi kuti, mwanawe?” Iye wayankha. Pakhala kaye zii, kenaka: “Aa, pepani, ndinaiwala, pali wina analipira kale dzulo.” Mtsikanayo sangakasume kulikonse chifukwa alibe chimene angaonetse. Zotere zimachitika ngakhale popanda wailesi, koma munthu womvedwa ndi anthu zikwizikwi akazidalitsa, alandilodi amene ankachita nazo manyazi amalimba mtima.

Ngakhale zili choncho, ine sindingayambire kupolisi, chifukwa m'zimene mwafotokoza palibe pamene anaitana anthu kuti akamenye kapena kuotcha. Pali makomo ena oyenera kugogoda. MACRA ndi imene imapereka ziphaso za mawailesi pansi pa Communications Act ya 2016, ndipo imalandira madandaulo a omvera. Media Council of Malawi imaona za khalidwe la atolankhani. Malawi Human Rights Commission ili ndi mphamvu yofufuza nkhani za tsankho. Mwana wanu akafuna kuchitapo kanthu alembe dandaulo, aikemo tsiku, ola, dzina la pulogalamu ndi kanema wathunthu. Mkuluyu akadzabwereza, makamaka nyengo ya kampeni pamene mitima ili m'mwamba, yankho langa likhoza kusintha.

Nanga zoti zinali nthabwala? Ife Amalawi kuseka timakudziwa. Pitani pa Kamuzu Stadium tsiku la Maule ndi Manoma mukamve zotuluka m'kamwa mwa anthu, kapena mverani asuweni akakumana pamaliro mmene amanyozerana mpaka mlendo kudabwa. Koma m'macheza amenewo onse awiri ali ndi pakamwa, wonyozedwa lero abweza mawa, ndipo akatuluka pageti akwera minibasi imodzi, palibe wataya nyumba kapena ntchito. Pa wailesi maikolofoni ili ndi mmodzi. Onyozedwawo ali m'makhitchini ndi m'maokala akungomva, ana awo ali pomwepo. Tinadutsamo mu Januwale 2018, pamene woimba Mwiza Chavura anatulutsa nyimbo yoopseza mkazi kuti amugwiririra. Anthu anakwiya, bungwe lounika nyimbo ndi mafilimu linailetsa, apolisi anamugwira, mwini wake anapepesa. Ngati kumangako kunali kofunika tikhoza kutsutsana, koma amayi amene anakana kuti zimenezo zitchedwe zosangalatsa, m'dziko limene milandu yogwiririra ili mbwee m'makhoti, sanalakwe.

Tibwere kwa wailesi ndi kampani ija. Munthu wotchuka amagulitsa dzina. Kampani yomulipira kuti atchule sopo kapena netiweki yake ikugula chikondi chimene anthu ali nacho pa iye, ndipo makasitomala ake ndi a mitundu yonse. Chikondicho chikasanduka mkwiyo, chimene kampaniyo inkagula palibenso. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo wodya za kutchuka asadabwe mawu ake akamalemera kuposa a munthu wongocheza pa bawo. Komabe apa a bambo ali ndi pogwira. Ngati mkuluyu ndi wolembedwa ntchito, gawo 57 la Employment Act ya 2000 sililola abwana kumuchotsa popanda chifukwa chomveka, kapena asanamupatse mpata wodziteteza. Kumuimitsa kaye pofufuza n'kwanzeru, koma kumuthamangitsa chifukwa mafoni a ku ofesi akulira kwambiri, osamuitana, osamumva, kukhoza kuwagwetsa ku khoti la milandu ya apantchito. Chilangonso chilingane ndi cholakwa. Wolakwa koyamba amene wavomera sangafanane ndi wachizolowezi amene akuchitabe matama.

Palinso china choti mwana wanu ndi anzake asamale nacho. Khamu la pa Facebook silidziwa polekezera. Limayamba ndi kudzudzula mawu, kenaka wina waika chithunzi cha mkazi wa munthuyo, wina watchula sukulu ya ana ake, wina walozera nyumba yake, wina wayamba kutukwana mtundu wa iyeyo ngati kuti mayi ake kumudzi ndiwo analankhula. Zikafika pamenepo odzudzula ayamba kuchita chomwe chija ankadzudzula, ndipo ena mwa iwo gawo 86 lija likhoza kuwagwira. Masiku ano kulinso makanema oduladula ndi mawu opangidwa pa kompyuta, tsono musanaweruze munthu mverani zonse kuyambira poyamba. Pa nkhani yanuyi mwini wake sakukana kuti ananena, choncho vuto limenelo palibe.

Mwafunsa kuti kulolerana kumathera pati. Ndiyankhe ndi zimene zachitika kwathu konkuno. Mu 2019 ku Balaka kunabuka mkangano pa atsikana achisilamu ovala hijabu pa sukulu ya mpingo, mpaka sukulu kutsekedwa. Bungwe la atsogoleri a zipembedzo la Public Affairs Committee linakhazika pansi mbali zonse, ndipo mu 2021 anasainirana pangano lakuti atsikanawo aziloledwa. Mu 2020 kuno ku Blantyre chikwangwani cha Asilamu cholimbikitsa anthu kuwerenga Korani chinautsa mapiri pachigwa, Akhristu ena atadandaula kuti mawu ake akupeputsa Baibulo, ndipo bungwe lomwelo linalowererapo. Mu Meyi 2023 Khoti Lalikulu ku Zomba, kudzera mwa woweruza Zione Ntaba, linalamula kuti ana achirasta alandiridwe m'sukulu za boma osawameta. Pa zonsezi wina ankafunika kupirira chinthu chimene sagwirizana nacho: chovala, tsitsi, chiphunzitso. Mkhristu kumva Msilamu akunena kuti buku lake ndilo lomaliza, kapena Msilamu kumva mlaliki wa pa msika wa Limbe akufuula kuti njira ndi imodzi yokha, zimawawa ndithu, koma n'zofunika kupirira, chifukwa aliyense akunena za chikhulupiriro chake ndipo mnzake akhoza kumutsutsa. Chimodzimodzinso kudzudzula mtsogoleri, chipani, mwambo kapena mfumu, ngakhale mwaukali. Pa zimenezo ndingaime ndi a bambo mpaka kumapeto, ndipo munthu atachotsedwa ntchito chifukwa cha maganizo otere ndingamuimire ndi mtima wonse. Koma kuuza anthu kuti mnansi wawo asapeze pogona chifukwa cha kumene anabadwira n'kugumula chomwe chimatilola kukhalira limodzi. Mumzinda muno Alhomwe, Ayao, Amang'anja, Asena, Angoni, Achewa, Atumbuka, Atonga, Ankhonde, Amwenye ndi ena amatunga pa mpopi umodzi. Kupempha onyozedwawo kuti angolola n'kuwasenzetsa okha mtolo wa mtendere wa tonse, wowanyozayo akuyenda chimanjamanja.

Khomo lobwerera lisatsekedwe ayi. Kubwalo la amfumu, wotukwana mnzake saweruzidwa kuti asadzalankhulenso moyo wake wonse. Amaimirira pamaso pa anthu, amavomera kuti anatero ndipo analakwa, amapereka nkhuku kapena mbuzi kwa wolakwiridwa, ndipo akatero nkhani yatha, woikumbanso ndiye amaoneka wovuta. Zimene timaona masiku ano n'zina: kalata ya Chingerezi yolembedwa ndi munthu wina, yakuti ngati pali ena akhumudwa pepani. Kupepesa kotero kumakankhira cholakwa kwa okhumudwawo. Mkuluyu akafuna kupepesa zenizeni achitire pa pulogalamu yomweyo, ola lomwelo, m'chilankhulo chomwecho. Avomere mawu aja popanda kuzungulira, auze eni nyumba aja kuti ndinakusokeretsani, ndipo apereke maikolofoni yomweyo kwa anthu a mtunduwo kuti nawonso amvedwe. Akachita zimenezo ine ndingakhale woyamba kupempha wailesi kuti imubwezere ntchito, ndipo opitiriza kumusaka adzakhala akungofuna mutu wake.

Tsopano za ukwati. MC ndi amene amaitana akuchikazi kutsogolo pa perekaniperekani, amatchula mudzi wawo ndi mfumu yawo, amasewera ndi mayina awo kuti ndalama zituluke m'matumba. Taganizirani agogo a mkwatibwi, atavala nsalu yawo ya ukwati, akuitanidwa kuti adzavine ndi mawu omwe aja anawatcha akuba masabata angapo apitawo. Ena adzangokhala pansi osadzuka, ena adzatuluka muholo, ndipo mabanja awiri amene akungoyamba kudziwana adzayamba ndi chilonda. Musamufunse mkwatibwi pamaso pa komiti. Mtsikana wolowa m'banja latsopano adzangoti palibe vuto poopa kuoneka wovuta kwa apongozi. Tumani ankhoswe akuchimuna akakumane ndi anzawo akuchikazi, ndipo asakafunse kuti kodi mulola, koma akanene kuti ife taganiza zopeza wina, tinati tikudziwitseni. Akuchikaziwo akanena okha, mosakakamizidwa, kuti munthuyo wapepesa mokwanira ndipo abwere, chabwino, chifukwa chikhululukiro chimenecho ndi iwo okha angachipereke, osati komiti.

Za theka munalipira lija, onani zimene munagwirizana, kaya papepala kaya pa mauthenga a pafoni. Popeza ndinu mukuthetsa pangano, iye akhoza kukana kubweza, makamaka ngati anakana maukwati ena posungira tsiku lanu, ndipo mwina ndi bwino kugawana ndalamayo kapena kungoitaya kusiyana ndi kukokanakokana mpaka kukhoti. Mupiteko anthu awiri, mukamuuze maso ndi maso chifukwa chake, mwaulemu, ndipo pasapezeke wa m'komiti wolemba pa Facebook kuti mwamuchotsa. Yambani lero lomwe kufunsa wina, chifukwa ma MC abwino mumzinda muno amakhala atatengedwa kale kutatsala miyezi ingapo.